Ululu Wathu Uli Kumanja

Mayi Telala sanali munthu wokhulupirira chinthu msanga. Wina akawabweretsera nsalu n'kunena kuti ndi yokwanira diresi, iwo ankamwetulira, n'kutenga tepi yawo kuyeza okha pamaso pake. Amuna awo, amene anayendetsa basi mpaka maso atayamba kuchita chifunga, ankakonda kuuza alendo kuti pa tsiku la ukwati mkaziyu anayamba waluma mphete kuti aone ngati si ya lata. Mayi Telala sankatsutsa. Ankangoti, "Ndipo inali ya lata."

Ankasokera m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yawo, m'mphepete mwa msewu wopita kuchipatala chachikulu, chimene chinalinso sukulu ya madokotala. M'kachipindamo munali makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo logwirizizidwa ndi njerwa, ndi galasi lalitali lobenthuka pangodya. Ntchito yawo yambiri inkachokera kuchipatalako: makatani otchingira mabedi, mikanjo ya odwala yomanga kumbuyo, mayunifolomu a anamwino amene anenepa. Koma iwo eni sankapondako ngati wodwala. Mutu ukawawa ankamanga kansalu konyowa pachipumi. Dzino litavuta anapirira nalo mpaka linagweruka lokha.

Chifukwa chake ankachidziwa ndi amuna awo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi. Pobadwa mwanayo m'chipatala chomwecho, Mayi Telala anang'ambika, ndipo dokotala wachizungu amene anabwera kudzawasoka sanawabaye jakisoni woletsa ululu. Namwino atamukumbutsa, iye anayankha manja ali pantchito, osayang'ana n'komwe nkhope ya mwini thupi: "Awa safunika. Anthu akuda ndi olimba, samva kuwawa ngati ife." Pabedi loyandikana panagona mayi woyera khungu, amene anabayidwa asanapemphe. Mayi Telala anaimva singano ikulowa ndi kutuluka mpaka kumapeto. Sanafunenso kubereka.

Patapita zaka zambiri, imvi zitatuluka, kunayamba kubwera kasitomala watsopano, dokotala wamkazi wakuda wophunzitsa pasukulu paja. Jekete lililonse loyera limene ankapatsidwa linkamufika m'zala, choncho ankabwera nalo kuti alifupikitse manja. M'nyumbamo anamupatsa dzina loti Dokotala Wamfupi. Tsiku lina, Mayi Telala ali ndi mapini kukamwa, dokotalayo anafunsa:

"Mayi, munachitapo sewero?"

"Ndikuoneka ngati wamasewero ine?"

"Ndikufuna munthu woti azigona pabedi n'kumanamizira kudwala, ophunzira anga azimupima. Muzikhala awiri, inu ndi mayi wina wachizungu, aliyense m'chipinda chake. Matenda amodzi, mawu amodzi. Kenako tiziona ngati ophunzirawo akukuthandizani mofanana."

Mayi Telala anachotsa mapini kukamwa pang'onopang'ono. "Wakuuzani za ine ndani?"

"Za inu ziti, mayi?"

"Musandizungulire. Atelala ndi ambiri mumsewu muno. Bwanji ine?"

"Chifukwa cha maso anuwo," anatero dokotala. "Ndikamalowa muno mumandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba sizasi. Ndikufuna munthu woona zonse. Ndikaima m'kalasi n'kunena kuti m'zipatala muli tsankho, onse amagwedeza mutu n'kulemba, aliyense akuganiza kuti ndikunena mnzake. Ndatopa nazo. Ndikufuna adzione okha."

Madzulo ake nkhaniyo inavuta m'nyumba. Mwana wawo, amene tsopano anali mayi wa ana ake, analumbira kuti sanauze aliyense kanthu, ndipo anati amayi apite, mwina mtima ungatsike. Abambo anakana. "Akufuna kuyesera mankhwala pa inu. Lero akuti gonani mongoyerekeza, mawa mudzadzuka mulibe chiwalo china."

"Bambo ake, mwayamba liti kuganiza ngati ine?"

"Ndakhala nanu nthawi yaitali."

Pomaliza Mayi Telala anati apita. Sanati akupita kukathandiza ayi. Anati akufuna akaone chimene anthu ajawa akubisa.

Zipinda zophunzirira zinali pamwamba pa nyumba yakale ya sukuluyo, ziwiri zogundana, zolekanitsidwa ndi khoma la matabwa lopyapyala moti wina akatsokomola uku ankamveka uko. M'chilichonse munali bedi, mpando umodzi, sinki yosatuluka madzi, ndi kamera pangodya ya denga. Mayi Telala anaiyang'anitsitsa kamerayo, n'kufunsa kuti zithunzizo amaonera ndani. Atauzidwa kuti ndi ophunzira okha, anangoti, "Mm."

Mnzawo wa sewero anali gogo wachizungu wowonda, amene kale ankaphunzitsa ana kuyimba. Sankavula chipewa ngakhale pabedi, ndiye anakhala Mayi Wachipewa. Tsiku loyamba lomwelo anatulutsa siwiti m'chikwama. "Tengani, mnzanga, kubuula kumaumitsa kukhosi." Mayi Telala analandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuiponya m'chikwama osaidya. Kunyumba anauza abambo kuti gogoyo ayenera kuti ndi kazitape wa akuluakulu a sukulu, chifukwa munthu sangakhale wansangala choncho popanda chifukwa.

Nkhani yoti aloweze pamtima inali yaifupi. Ululu unayamba dzulo atadya zamafuta, uli kumanja pansi pa nthiti, ukubwera ndi nseru, ndipo ndi woopsa. Dokotala Wamfupi anawakhazika pabenchi limodzi kuti aphunzire kubuula mofanana. Mayi Wachipewa ankabuula ngati akuyimba, Mayi Telala ankabuulira m'kati ngati munthu wosafuna kudzutsa ana. Anabwerezabwereza mpaka mabuulo awo anakumana pakati.

Ophunzira anayamba kulowa m'timagulu, ovala majekete oyera atsopano, ena a khungu lakuda, ena loyera. Sankadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli matenda omwewo. Mayi Telala ankagona chagada, khutu limodzi kwa ophunzira awo, lina kukhoma. Kuchipinda cha Mayi Wachipewa ankamva mpando ukukokedwa, munthu akukhala pansi, akufunsa za zidzukulu. Kwawo kuno mpando unkangokhala pakona. Ambiri ankawafunsa ali chiimire, manja m'matumba. Ankafunsidwa ngati amamwa mowa, akayankha kuti ayi ankafunsidwanso kuti, "Ngakhale pang'ono?" Pomaliza uko kunkalembedwa jakisoni wamphamvu, kuno timapiritsi ta mutu. Si onse amene ankatero, koma analipo okwanira.

Tsiku loonetsa zithunzi m'kalasi, amayi awiriwo anakhazikidwa kutsogolo. Dokotala Wamfupi sananene zambiri. Anaonetsa chipinda ichi, kenako icho, kenako ichinso. Woyamba kulankhula anali wophunzira wamtali kwambiri, wakuda ngati Mayi Telala, amene anzake ankangomutchula Wamtali. Nayenso anali mmodzi mwa olemba timapiritsi.

"Mwatitchera msampha, adokotala," anatero. "Ine ndingasale bwanji mayi awa? Taonani khungu langa. Amayi anga enieni amaoneka chonchi."

"Sindinati umadana nawo," anayankha dokotala. "Ndikufunsa chimene chinali m'mutu mwako pamene unkalemba."

"Ndinaona kuti akupirira. Sankaoneka ngati zafika poipa."

"Anabuula chimodzimodzi ndi enawo. Ndinawaphunzitsa ndekha."

Dokotala anatenga buku lalikulu la matenda a pakhungu n'kulitsegula patebulo, n'kumuuza kuti afufuze chithunzi cha chikuku pa mwana wakuda. Wamtali anatembenuza masamba mpaka anzake anayamba kusuntha pamipando. Zidzolo zonse m'bukumo zinali zofiira pakhungu loyera. Dokotala anati munthu amaphunzira tsankho popanda womuuza kuti akuphunzira, m'mabuku, m'nthabwala za m'wodi, ndi poona amene akuluakulu amamukokera mpando.

Kuchokera tsiku limenelo zinthu zinasintha, ndipo kusinthako n'kumene kunawadetsa nkhawa Mayi Telala. Ophunzira ankalimbirana mpando kuti akhale pafupi nawo. Ankawafunsa za zidzukulu. Ena ankalemba jakisoni wamphamvu iwo asanamalize kufotokoza.

"Ana anuwa akusekerera kamera, osati ine," anauza Dokotala Wamfupi pokonza mkanjo. "Akamandigwira dzanja, diso limodzi lili kudenga."

Dokotala anapumira m'mwamba. "Nanenso zimandisowetsa mtendere, mayi. Koma ndiyambire pati? M'wodi simungalowe kamera."

"Ndiye simudzadziwa."

"Mwina sindidzadziwa."

M'mawa wina Mayi Telala anadzuka msana ukuwawa chakumanzere. Anaganiza kuti ndi makina opalasa aja, sanauze munthu, anavala n'kupita. Tsikulo Dokotala Wamfupi anaitanidwa kumsonkhano wa akuluakulu, choncho anangoyatsa makamera n'kusiya ophunzira azilowa okha. Gulu loyamba linadutsa bwinobwino. Lachiwiri likulowa, muli Wamtali ndi atsikana awiri, ululu unawagwira ngati wina wawalowetsa sizasi m'mbali n'kuitsegula. Thukuta linatuluka thupi lonse.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Chikukuvutani n'chiyani?" anafunsa mtsikana wina, atakhala pampando mwaulemu.

"Kumanzere. Kumsana kuno. Ukutsikira m'munsi."

Ophunzirawo anayang'anana, kenako onse anayang'ana kamera. Mbiri ya mayi wa ululu wa kumanja inali itafala kale pasukulupo. Mtsikana winayo ananong'ona, koma Mayi Telala anamva: "Asintha nkhani. Ndi msampha wina uwu, tisamale."

"Ana inu, sindikusewera."

"Tikumva, mayi, ndipo tikukhulupirira," anatero wapampando uja ndi mawu osalala. "Ululu wanu ndi weniweni kwa ife. Tikubayani jakisoni pompano." Anatenga jakisoni wopanda singano amene ankaphunzirira, n'kuwagunda naye pamkono mofatsa. "Mukumva bwanji tsopano?"

Mayi Telala anayesa kudzuka, n'kugwera chammbali atagwira chitsulo cha bedi. Liwu limene linatuluka pakamwa pawo silinali limene anaphunzira pabenchi paja. Wamtali anasendera pafupi, kenako anaima, akuyang'ana kudenga ngati kumeneko kuchokera yankho.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Mayi Wachipewa, ali mumkanjo wa odwala, opanda nsapato, ophunzira awo akuwatsatira m'mbuyo modabwa.

"Ululu wathu uli kumanja," anatero gogoyo. "Awa akuti kumanzere. Mnzangayu sanaphonyepo liwu ngakhale limodzi chiyambire, ndipo ife sitibuula chonchi. Mwaima chiyani? Tengani njinga ya odwala."

Wamtali ndiye anathamanga. Anawatsitsira kumunsi, kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi, Mayi Wachipewa akutsatira ndi nsapato ndi chikwama cha mnzawo. Kumeneko kunali phokoso la masiku onse, mabenchi odzaza, fungo la mankhwala okolopera. Dokotala wamkulu wa tsikulo, bambo woyera khungu wa imvi ndi magalasi olendewera pachifuwa, atawaona anabwera msanga n'kugwira Mayi Wachipewa pamkono.

"Khalani apa, mayi. Chachitika n'chiyani?"

"Si ine. Ndi awa."

Bamboyo anatembenuka n'kuyang'ana pansi, panjinga. Wamtali anafotokoza mwachidule, ndipo polakwitsa anatchula kuti mayiwa ndi aja amathandiza kumaphunziro kumwamba.

"Oo, ndi amasewero aja?" Dokotala wamkulu anaseka pang'ono. Anawadina pamimba ndi zala ziwiri, osawagoneka. "Amayi awa ndimawadziwa. Kakangowawa pang'ono amadzutsa wodi yonse. Apatseni mapiritsi, adikire pabenchi."

Ngakhale ali mu ululu wotero, Mayi Telala anamva mawuwo bwinobwino. Ali mtsikana anauzidwa kuti anthu ngati iwo samva kuwawa. Lero, m'nyumba yomweyo, akuuzidwa kuti amakokomeza. Pawiri ponsepo jakisoni ankatsala m'kabati.

"Bwana," anatero Wamtali motsitsa mawu, "mwina ndi impso."

"Uli chaka chachingati iwe?"

Wamtali anatembenuka n'kulowa m'khonde, osacheuka.

"Wathawa," anatero Mayi Telala mano ali chilumire. "Kuno kulibe kamera."

Mayi Wachipewa anatsatira dokotala wamkulu uja akudandaula, ndipo iye anawayankha mokoma kuti asade nkhawa, wantchito wawoyo aonedwa nthawi yake ikakwana. Gogoyo anafiira nkhope. "Si wantchito wanga, ndi mnzanga wa kuntchito." Koma bamboyo anali atapita kale kwa wodwala wina. Mayi Wachipewa anabwerera pabenchi, n'kupeza beseni, n'kuligwira pamene Mayi Telala ankasanza, uku akuwapukuta pakamwa ndi mpango wawo.

Patapita nthawi Wamtali anatulukira ndi namwino wachikulire ndi kabotolo. Anapempha Mayi Telala kuti ayesetse, apereke mkodzo pang'ono. Namwino anawathandiza kuseri kwa katani. Wamtali anathamanga nako, n'kubwerera akupuma mwabefu. Anapita pamene dokotala wamkulu anaima pakati pa anamwino ndi ophunzira ena, n'kulankhula mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Bwana, mkodzo uli ndi magazi. Zikuoneka ngati mwala mu impso. Akanakhala mayi achipewa awa, bwenzi mutawabaya kale. Ndikupempha mulembe jakisoni."

Anamwino anayang'ana pansi. Dokotala wamkulu anavala magalasi, n'kumuyang'ana Wamtali kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenako anabwera yekha, n'kuwagoneka Mayi Telala pabedi, n'kuwagogoda kumsana. Iwo anakuwa. Bamboyo analemba msangamsanga, n'kupereka kwa namwino, ndipo podutsa anauza Wamtali kuti, "Ukandipeze ku ofesi."

Namwino atabwera ndi jakisoni, Mayi Telala anamugwira dzanja. "Ndione kaye kabotolo." Anakayang'ana mbali zonse ngakhale zilembozo sankazimva, kenako anapereka mkono. Posakhalitsa anamva ululu ukumasuka pang'onopang'ono ngati msoko wophwasulidwa. Anagona akuyang'ana denga, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo Mayi Wachipewa ananamizira kufunafuna chinthu m'chikwama.

Mayi Telala anagonekedwa masiku angapo mpaka mwalawo unatuluka wokha. Abambo ataonetsedwa anakhumudwa ndi kuchepa kwake. "Kanthu aka? Ine ndimayesa mwala weniweni, wogendera galu." Anafunsanso namwino kawiri ngati akazi awo akutuluka ndi ziwalo zonse zimene analowa nazo.

Wamtali anabwera kudzawaona masana ena, ataonda nkhope. Ku ofesi kuja anauzidwa kuti ndi wamwano, ndipo anamuika kuntchito yotsuka zilonda mwezi wonse. Mayi Telala anamuuza akhale pabedi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiuze zoona, mwanawe. Unalankhula chifukwa cha ine, kapena zimenezi amakupatsani nazo malikisi?"

"Malikisi ndataya, mayi."

"Sunandiyankhe."

Wamtali anayang'ana zala zake. "Sindikudziwa bwinobwino. Nditachoka paja ndinakabisala m'chimbudzi. Ndinkaopa bambo aja. Koma ndinkaopanso kuti zidzamveka m'kalasi kuti ndinakusiyani pabenchi, kachiwiri. Sindingathe kunena kuti mantha aakulu anali ati."

"Bola sunandinamize," anatero Mayi Telala. "Kumwamba kuja unandiona ndikugwa, iwe n'kumayang'ana denga."

"Ndinayesa ndi mayeso."

"Ndikudziwa. Pita, zilonda zikukudikira."

Dokotala Wamfupi anabwera ndi manyazi ake. Anati msampha umene anatchera ophunzira unatsala pang'ono kugwira munthu wolakwika, ndipo kuyambira tsopano sadzasiyanso zipinda zija popanda mphunzitsi. Kenako anapempha ngati angagwiritse ntchito nkhaniyo m'kalasi. Mayi Telala anati ayamba aganiza kaye. Ataganiza sabata yathunthu anavomera, koma anati aifotokoza okha, popanda zithunzi, ndipo dokotala wamkulu uja akhalepo. Bamboyo anatumiza mawu akuti abwera. Anamuikira mpando kutsogolo. Kalasi inayamba, inatha, mpandowo uli wopanda munthu. Mayi Telala anafotokoza zonse mosalira, n'kuonjezera za tsiku lobadwa mwana wawo, zimene anali asanauzepo munthu wakunja. Mtsikana wa jakisoni wopanda singano uja anabwera pambuyo pake kudzapepesa, ndipo iwo anamuuza kuti mawu ake ndi okoma, angophunzira kugwira munthu pachipumi kuti aone ngati thukuta ndi lenileni.

Mayi Telala anabwerera kuntchito ya sewero, ndipo akugwirabe mpaka pano, kawiri pa sabata. Mayi Wachipewa amawadikira pageti kuti akwerere limodzi masitepe, chifukwa mawondo a onse awiri ayamba kudandaula.

Miyezi ingapo itadutsa, namwino wina anabwera kukachipinda kosokera kuja ndi jekete loyera lothothoka mabatani ndi thumba long'ambika. Pachifuwa panali dzina la dokotala wamkulu uja. Namwinoyo anati anangouzidwa kuti apite nalo kwa telala wa mumsewu uno. Jeketelo linagona patebulo madzulo onse, banja likukangana. Abambo anati kumeneko ndiko kupepesa kwa anthu akuluakulu, sangabwere ndi pakamwa. Mwana wawo anati bamboyo sakudziwa n'komwe kuti telala wa mumsewu uno ndi ndani. Mayi Telala anapisa m'matumba onse, n'kupezamo chivindikiro cha cholembera basi.

M'mawa mwake anasankha mabatani ofanana, n'kusoka thumbalo ndi misoko iwiri, n'kulisita. Namwino yemweyo atabwera kudzalitenga, iwo anamufunsa ngati mwini wake ananenapo kanthu kena pomutuma.

"Anangoti lisachedwe," anatero namwino, akulipinda pamkono.